MBIRI YA STEPHEN HALES, MBUSA AMENE ANAYESA MADZI A M'MITENGO

Kawiri kawiri m'nyuzi ino timakamba za akuru a Mpingo amene anaoloka nyanja kukalalikira kwa mitundu yakutali, kapena za iwo amene anataya moyo wao cifukwa ca dzina la Ambuye. Koma mwezi uno tifuna kukambirana nanu, abale, za mbusa wina amene sanapita kwa mitundu yakutali, ndipo palibe munthu anamzunza. Iye anakhala pa mudzi umodzi waung'ono zaka 51, nabatiza ana, nakwatitsa akuru, naika akufa. Ndipo m'maora otsala anali kunyamula miphika ya mbeu ndi kuiyesa pa sikelo. Dzina lace ndiye Stephen Hales, wa ku England.

Cimene iye anafuna kucidziwa ndi cinthu cimene ife tonse ticiona ndi maso caka ndi caka, osacifunsa. Mvula ikadula m'mwezi wa January, dzuwa niliswa mtengo masiku khumi, cimanga cipota masamba ace usana; koma m'mamawa ticipeza citawatambasulanso. Mvula ikagwa madzulo, madzi alowa pansi, ndipo m'mawa mwace ngakhale tsamba la kunsonga liri lanthete. Madziwo akwera bwanji? Pakuti madzi onse amene tiwadziwa amatsika. Mtsinje sukwera phiri, ndipo mai wotunga pa citsime cakuya akoka cingwe ndi mphamvu ya manja ace, natopa. Nanga mu mtengo wa mbawa, umene nsonga yace ipitirira denga la chalichi, akukoka cingwe ndani?

Hales anabadwa m'mwezi wa September, caka ca 1677, pa mudzi wa Bekesbourne m'dera la Kent, m'banja la anthu omveka ndi la ana ambiri. Popeza anali mwana wamwamuna wacisanu ndi cimodzi, colowa ca makolo sicinali cace, pakuti mwambo wa kumeneko unapatsa nyumba ndi minda kwa woyamba kubadwa. Cotero caka ca 1696 analowa sukulu yaikuru ya ku Cambridge, kuti akonzekere nchito ya ubusa. Caka comweco Isaac Newton, wanzeru wamkuru uja, anacoka ku Cambridge kumka ku London. Koma ciphunzitso cace cinatsala pa sukulupo, cakuti wofuna kuzindikira zolengedwa asamangoganizira, koma aziyesa kulemera kwace ndi kutalika kwace, nalembe ciwerengero. Hales analandira ciphunzitso cimeneci ndi mtima wonse, pokhulupirira kuti Mlengi anapanga zonse ndi muyeso, ndi kuti munthu woyesa nchito zace mosamala amlemekeza nako kuyesako.

Pa sukulupo anapalana ubwenzi ndi mnyamata wophunzira za mankhwala, dzina lace William Stukeley. Awiriwa anayenda m'madambo ndi m'minda kufuna zitsamba, atatenga buku la John Ray lochula zomera za dera limenelo. Ndiponso anatumbula acule ndi agaru kuti aone za m'kati mwao. Tsiku lina Hales anaumitsa mapapu a garu wakufa, nathiramo mtobvu wosungunuka. Ndipo mnofu utacoka, panatsala kamtengo kamtobvu, ka thunthu ndi nthambi ndi timphanda tosawerengeka, ndizo njira za mpweya wopuma.

Caka ca 1709 anamuika mbusa wa Teddington, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kumtunda kwa London. Sanali mbusa wa dzina lokha. Anagwira mwambo wa Mpingo mouma, ndipo m'mabuku a mpingo wace analembamo maina a anthu amene anawaimika pamaso pa msonkhano kuti alape dama lao. Anakwatira Mary Newce caka ca 1720, koma caka cotsatira mkaziyo anamwalira. Hales anatsala wopanda mwana, ndipo sanakwatiranso kufikira imfa yace. Zoyesa zace zambiri za mitengo anazicita m'zaka zoyamba za umasiye wace, m'munda wa pa nyumba yace yomwe.

Masiku amenewo anzeru ambiri anati madzi a mu mtengo azungulira monga mwazi. Pakuti caka ca 1628 sing'anga William Harvey anaonetsa kuti mtima ukankha mwazi kumka m'thupi lonse, ndipo mwaziwo ubwereranso ku mtima; tsono anthu anayesa kuti mitengo nayonso iri ndi cina conga mtima cobisika. Hales anali atayesa kale mphamvu ya mwazi m'mitsempha ya agaru ndi akavalo, nalakalaka kuyesanso mphamvu ya madzi a mu mtengo. Koma njira yace sanaipeza, nataya mtima zaka zingapo.

Njirayo inadza mwa kuphonya kwa mpeni. M'munda mwace munali mpesa wakale, umene unadulidwa nyengo yolakwika, cisanu ciri pafupi kutha ndi masamba asanaphuke. Pakuti ku England mpesa ndi mitengo yambiri iyoyola masamba onse m'miyezi ya cisanu, niphukanso m'miyezi ya April ndi May. Pa bala la mpesawo panayamba kukha madzi osaleka, ndipo Hales anaopa kuti udzafa. Anayesa ici ndi ico kuti atseke, koma kunakanika. Potsiriza anamangapo cikhodzodzo ca nyama. Pobwera kudzaona, anapeza cikhodzodzo cija citatupa kwambiri ndi mphamvu ya madzi ocokera pansi. Wina akadangosinthapo cikhodzodzo cina. Koma iye anazindikira pomwepo kuti akaikapo paipi yagalasi, yobooka monga bango, madziwo adzakwera m'menemo, ndipo iye adzatha kuyesa msinkhu wao.

Anacitadi cotero. Kumapeto kwa mwezi wa March anadula mpesa wina pafupi ndi nthaka, nalumikiza pa citsa cace mapaipi agalasi, ina pamwamba pa inzace, namata polumikiza ponse. Madzi anakwera usana ndi usiku kufikira mapazi 21, ndiwo msinkhu wa anthu pafupi fupi anai ataimirirana pamutu. Ndipo akadapitirira, koma polumikiza panadontha. Pamenepo anatenga paipi yopindika, nathiramo mercury, citsulo camadzi cija conyezimira, cimene kulemera kwace kuposa madzi ka 13 ndi theka, kuti paipi yaifupi ikwanire. Pa mpesa wina mercury inakankhidwa mainchesi 38, ndiyo mphamvu yokweza madzi mapazi 43. Iye anawerengera kuti mphamvu ya mpesa iposa pafupi fupi kasanu mphamvu ya mwazi mu mtsempha waukuru wa m'ncafu ya kavalo. Tsono cinadziwika kuti mizu ikankha madzi.

Apa munthu waulesi akadaleka, nalemba kuti nkhani yatha. Koma Hales anapenya kuti kukha kumeneku ndi kwa masabata owerengeka okha. Masamba akangotambasuka, mpesa uleka kukha. Ndipo mitengo yambiri siikha konse, ngakhale uidule nyengo iri yonse. Ndiponso m'miyezi yotentha, pamene mtengo ufuna madzi koposa, nthambi yodulidwa siiturutsa madzi iai, koma ukaiika m'madzi iwamwa. Ngati mizu ndiyo ikweza madzi, ilekeranji nchito pa nthawi yomwe nchitoyo icuruka?

Cotero pa 3 July, 1724, ndiyo nyengo yotentha kwao, anatenga mpendadzuwa wa msinkhu wa mapazi atatu ndi theka, wobzalidwa mu mphika. Anabvundikira pakamwa pa mphikawo ndi mtobvu wopsapsala, namata m'mbali monse, kuti cinyontho ca dothi cisaturuke pena pali ponse koma mwa mbeu yokha. Anasiya timapaipi tiwiri, kena kolowetsa mpweya, kena kothiriramo madzi, kamene anakatseka ndi cotsekera. Ndipo anayesa mphikawo pa sikelo m'mawa ndi madzulo, masiku 15 osiyana, pakati pa 3 July ndi 8 August. Taganizani, abale, mbusa wa zaka 46 alikuweramira sikelo mbanda kuca, nabweranso dzuwa litalowa, alikulemba ngati tsikulo kunali mitambo kapena mphepo kapena mame! Kapena anthu a pamudzi anaseka. Koma onani cimene anapeza.

Usana wa maora 12 mphika unapepuka paundi imodzi ndi maaunsi 4, ndiwo madzi opitirira theka la lita. Ndipo tsiku lotentha ndi louma koposa unapepuka paundi imodzi ndi maaunsi 14. Usiku wofunda wopanda mame unataya monga maaunsi 3 okha. Usiku wa mame sunataya kanthu. Ndipo kuti asadzinyenge yekha, pambuyo pace anadula mpendadzuwa uja, namata citsa cace, nayesanso mphika wokha. Napeza kuti mphikawo, pokhala wadothi, unaturutsa maaunsi 2 pa usana, monga mtsuko wathu ucita thukuta kunja kwace. Amenewo anawacotsa pa ciwerengero cace. Ife tiyesa kuti kusamala kumeneku ndiko kusiyanitsa Hales ndi anzace a masiku aja, amene ambiri a iwo anali ndi nzeru zoposa zace pa kulankhula.

Sanalekera pomwepo. Anathyola masamba onse, nawasanja m'milu isanu monga mwa ukuru wao, nawayesa ndi ukonde wa ulusi wa timabwalo tolingana. Napeza kuti masamba a mbeu imodzi yomweyo angafanane ndi mphasa ya mapazi 6 m'mimba ndi mapazi 6 ndi theka m'litali. Anafukula mizu ya mpendadzuwa wina wolingana nao, nawerengera kuti mizu yonse italumikizidwa ingafike mapazi 1,448. Ndipo polinganiza msinkhu ndi msinkhu, anapeza kuti madzi olowa ndi kuturuka mu mpendadzuwa tsiku limodzi aposa ka 17 olowa ndi kuturuka m'thupi la munthu. Anayesa momwemo kabici, mpesa, mtengo wa apulo ndi wa mandimu. Naona kuti mandimu, amene sayoyola masamba ace olimbawo, ataya madzi pang'ono koposa inzace.

Koma madziwo amka kuti, popeza tsamba ukaligwira liri louma? Hales analowetsa nthambi zamoyo m'mabotolo agalasi, natseka pakamwa; ndipo m'kati mwa galasi munacita nthunzi, nizisanduka madontho a madzi oyera. Potero anaona ndi maso kuti masamba apuma nthunzi yosaoneka usana wonse. Anadulanso nthambi ziwiri ziwiri zolingana, ina naisiya ndi masamba ace, inzace naipulula, naziika m'madzi oyesedwa. Za masamba zinamwa maaunsi 15, zina 20, zina kufikira 30 pa usana umodzi, monga mwa kucuruka kwa masamba ao. Zopululidwa zinamwa aunsi imodzi yokha. Nthambi zonsezi zinalibe mizu. Tsono wakumwayo ndani? Ndiwo masamba.

Ndipo mphamvu ya kukoka kwao anali ataiona kale m'mwezi wa August, 1723, caka ca cilala. Anakumba pansi pa mtengo wa zipatso wochedwa pear, mapazi awiri ndi theka, napeza muzu wonga cala, naudula. Ndipo mbali yolumikizana ndi mtengo anailowetsa m'paipi yodzala madzi, imene kunsi kwace kunamira mu mercury. M'mphindi 6 zokha muzuwo unayamwa madzi mwamphamvu, kotero kuti citsulo colemeraco cinakwera m'paipimo mainchesi 8.

Zonsezi anazisonkhanitsa m'buku lochedwa Vegetable Staticks, limene linaturuka caka ca 1727. Analibvomereza ndi Newton mwini, pokhala mkuru wa bungwe la anzeru la Royal Society, masabata owerengeka asanamwalire. Ciphunzitso ca bukulo ndi ici: mtengo ulibe mtima, ndipo madzi ace sazungulira monga mwazi. Alowa ku mizu, nakwera m'timitsempha ta m'thunthu, naturuka ku masamba, namka kumwamba osabwerera. Mizu ikankha pang'ono ndi pa nyengo yace. Koma nchito yaikuru icitika ku masamba, pamene kutentha kwa dzuwa kusandutsa madzi nthunzi, ndipo pocoka amenewo ena akokedwa kudzalowa m'malo mwao. Ananenanso kuti kapena zomera zitenga gawo la cakudya cao mu mpweya mwa masamba ao, ndi kuti kapena kuunika kuthandizapo. Ici sanakhoza kucitsimikiza, koma a m'mbuyo mwace anacipeza coona.

Tisabise kuti panatsala mfundo imene Hales sanaimasula. Mwana akamwa madzi ndi bango, ayamwa mpweya wa m'bangomo, ndipo madzi akwera. Koma amisiri anadziwa kale, Hales asanabadwe, kuti kuyamwa kotere kuli ndi malire ace: pampu yoyamwa siikhoza kukweza madzi kupitirira mapazi monga 33, cinkana woipukusa akhale wamphamvu cotani. Koma ku California, m'dziko la America, iriko mitengo ya mapazi 380, ndipo madzi afikabe ku masamba a kunsonga kwace. Mfundo imeneyi inasautsa anzeru zaka zoposa 160. Ena anati m'thunthu muli tizigawo tamoyo topatsirana madzi, monga anthu apatsirana njerwa pomanga chalichi. Koma caka ca 1891 Eduard Strasburger, wa ku Germany, anafalitsa zoyesa zace: anadula mitengo yaitali, naimika matsinde ace m'madzi a mankhwala akupha, mankhwalawo anakwera, napha zamoyo zonse za m'njira, koma madzi anapitirirabe kukwera m'thunthu lakufalo kufikira masamba atauma.

Anamasula mfundoyo ndi amuna awiri a ku Dublin, m'dziko la Ireland, Henry Dixon ndi John Joly, caka ca 1894. Iwo anati madzi okhala m'njira yopapatiza, yopanda mpweya m'kati mwace, agwirana okha okha zolimba, nakangamiranso ku makoma a njirayo, kotero kuti akhoza kukokedwa monga cingwe osaduka. M'thunthu la mtengo muli timitsempha tosawerengeka, tambiri tocepa monga tsitsi la m'mutu, ndipo m'kamtsempha kali konse muli kaulusi ka madzi kosadukiza kucokera ku muzu kufikira ku tsamba. Dzuwa likaumitsa kadontho ku tsamba, kaulusi konse kasendera kumwamba, ndipo tiubweya ta ku mizu timwa kadontho kena m'dothi. Ndico cingwe ca pa citsime cija. Kusiyana kwace ndi kwakuti pano cingwe ndi madzi ndi cinthu cimodzi, ndipo wocikoka ndi dzuwa. Kukokaku ndi kwamphamvu kotero kuti oyesa apeza thunthu la mtengo licepa pang'ono usana, nilibwerera usiku. Pa cilala cacikuru, dothi likakana madzi ndi dzuwa likakokabe, mpweya ulowa m'timitsempha tina, tiulusi nitiduka; ndipo cifukwa cace mtengo wofa ndi cilala uyamba kuuma kunsonga.

Wina adzafunsa kuti, Nanga mbeu itayiranji madzi otere, popeza madzi ndi osowa? Galasi lokuza zinthu lionetsa kuti pa tsamba, makamaka kunsi kwace, pali timilomo tating'ono, zikwi zambiri pa malo olingana ndi cikhadabo, ndipo titseguka ndi kutsekeka. Mbeu iyenera kutitsegula kuti ilowetse mpweya umene ipanga nao cakudya cace pa dzuwa. Koma pakhomo polowera mpweya ndi pomwepo pothawira madzi. Mwa madzi onse amene mbeu imwa, otsala m'thupi mwace safika ngakhale limodzi la magawo makumi awiri. Ena onse angopyola. Phesi limodzi la cimanga, kuyambira kumera kufikira kukhwima, likhoza kumwa madzi monga ndowa khumi. Cifukwa cace cimanga cikapota masamba usana, cirikutseka timilomo tace kuti cisafe. Koma potseka cileka kudya. Ndimo mumaona kuti cimanga copulumuka pa ng'amba cikhala cacifupi ndi ca zitsononkho zazing'ono, cinkana mvula ibwerenso bwino.

Zambiri zimene amai athu acita m'dimba zimveka ndi nzeru yomweyi. Ookera mbande aokera madzulo, nathyolako masamba ena, naphimba ndi udzu. Pakuti mizu yosunthidwa yaduka tiubweya tace, ndipo masamba akakoka pamene mizu siikhoza kumwa, mbande ifota. Udzu wa m'munda wosapalira suba cakudya cokha, koma tsamba lace liri lonse lirikuturutsa madzi a m'munda mwanu kumka nao kumwamba. Madontho aja okhala m'nsonga za masamba a cimanga cacing'ono m'mamawa si mame onse iai. Ena aturuka m'kati mwa tsamba, pokankhidwa ndi mizu usiku, ndiyo mphamvu ija inatupitsa cikhodzodzo ca Hales. Ndipo munthu akasenda khungwa kuzungulira mtengo kuti aufetse, mtengowo ukhala wauwisi nthawi yaitali, cifukwa madzi akwera m'thunthu, si m'khungwa ai. Koma cakudya copangidwa ku masamba citsikira ku mizu m'khungwa la m'kati, ndipo njira imeneyo itaduka, mizu ifa ndi njala.

Za moyo wace wotsala tikamba mwacidule. Caka ca 1733 anaturutsa buku lina la za mwazi, m'mene anafotokoza kuti analowetsa paipi mu mtsempha wa kavalo wamkazi wamoyo, womangidwa pansi, ndipo mwazi unakwera m'galasi mapazi 8 ndi mainchesi 3. Ndiye munthu woyamba kuyesa mphamvu ya mwazi, imene lero anamwino aiyesa ndi lamba wa pamkono. Koma masiku aja kunalibe mankhwala oletsa kupweteka, ndipo nyamazo zinasauka koopsa. Mnansi wace ndi bwenzi lace, mlembi wa ndakatulo Alexander Pope, anamkonda Hales, koma nchito iyi inamnyansa. Ndipo ife sitinena kuti Pope analakwa.

Analimbananso ndi cakumwa coledzeretsa cochezedwa, conga kacasu, cimene cinali kutha amphawi a ku London. Analemba kabuku kocenjeza akumwa caka ca 1734, nathandiza kuti paikidwe lamulo la 1736; koma lamulolo anthu analipeputsa, ndipo linagwira nchito ndi lina la 1751. Caka ca 1741 anapanga mivukuto yaikuru yamatabwa, yonga ya osula koma yoposa munthu msinkhu, yoturutsa mpweya woipa m'ndende, m'zipatala ndi m'zombo. Ndipo anaonetsanso kuti ikhoza kuumitsa tirigu m'nkhokwe kuti asabvunde. Caka ca 1752 inaikidwa m'ndende yoopsa ya Newgate, niyendetsedwa ndi mapiko ozungulira ndi mphepo pa denga, ndipo imfa za andende zinacepa. Iye anayesa kuti malungo a m'ndende adza ndi mpweya wonunkha. Lero tidziwa kuti awatenga ndi nsabwe.

Pali cinthu cina cimene ife, amene makolo athu anadziwa goli, sitikhoza kucilumpha. Mivukuto yomweyo inaikidwa m'zombo zotenga akapolo ku Africa kumka nao ku America, ndipo Hales anakondwera pakumva kuti akufa pa nyanja anacepa. Iye anaciyesa cifundo. Anali mmodzi wa osunga ndalama zophunzitsira akapolo Mau a Mulungu, ndiponso mmodzi wa akuru oyang'anira dziko latsopano la Georgia, amene caka ca 1735 analetsa ukapolo kumeneko, ngakhale coletsaco cinacotsedwa caka ca 1751. Koma munthu wofika wamoyo ku tsidya lija anafika kuti agulitsidwe, ndipo phindu la mpweya wabwinowo linalowa m'thumba la mwini combo. Atimvetsa cisoni kuti maso amene anapenya maaunsi awiri a thukuta la mphika anapenya zombo zimenezo, nafuna kuzikonza m'malo mwa kuziletsa. Malonda a akapolo analetsedwa ndi lamulo la Angelezi caka ca 1807, iye atagona m'manda zaka 46.

Mu ukalamba wace mbiri yace inamveka ku Ulaya konse. Caka ca 1751 Augusta, mkazi wamasiye wa mwana wa mfumu, anamsankha akhale mbusa wa pa nyumba yace. Ndipo mfumu inafuna kumpatsa mpando waulemu pa chalichi ca ku Windsor, koma iye anakana, natsala ku Teddington. Kumeneko anakuza chalichi, namanga nsanja yace ya njerwa m'malo mwa yamatabwa yakale, nakonzera mudziwo madzi abwino caka ca 1754. Ndipo m'buku la mpingo, momwe muli maina a obatizidwa ndi a akufa, analembamo kuti madziwo anadzaza cotengera ca malita monga awiri pa masekondi atatu, nafotokozanso kutalika kwa cingwe colendewera cimene anayesa naco masekondiwo.

Anamwalira pa 4 January, 1761, ali ndi zaka 83, atadwala masiku owerengeka. Augusta anamuikira mwala wa cikumbutso m'chalichi cacikuru ca Westminster Abbey, pakati pa mafumu ndi omveka a dzikolo; ndipo mtengo wina wa ku America, wa maluwa oyera olendewera monga timabelu, unachedwa Halesia iye akali moyo. Koma mtembo wace unaikidwa ku Teddington, monga anapempha mwini, pansi pa nsanja ija anaimanga.